Chizimba cha Maphunziro: Nthano Zoopsa za M'sukulu Zaukachenjede ndi Zidzukulu za Matchona ku Magwegwe

Mawu oyamba

Magwegwe ndi dera limodzi mwa madera a anthu ambiri a kumadzulo kwa mzinda wa Bulawayo, ndipo linatenga dzina la Magwegwe Fuyana, nduna yaikulu ya mfumu Lobengula ya Amandebele. M'dera limeneli, monganso ku Luveve, Njube, Mpopoma ndi Makokoba, mukukhala zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito panjanji ndi m'mafakitale. Mayina monga Phiri, Banda, Mwale ndi Tembo si achilendo m'kaundula wa sukulu za mumzindawu. Komabe ambiri mwa eni mayinawa amayankhula Chindebele panjira, amaphunzira m'Chingerezi, ndipo Chichewa amachimva kwa agogo, kutchalitchi ndi pamaliro.

M'badwo umenewu wakula pa nthawi imene mtundu wina wa nthano watchuka pakati pa achinyamata m'maiko ambiri. Izi ndi nthano zoopsa zamatsenga zimene zimachitikira m'sukulu zaukachenjede, zomwe ndi mbali ya zolembedwa zimene azungu amazitcha dark academia. Ena amaziona ngati chakudya cha alendo chimene ana a kuno angochitengera. Nkhani ino ikutsutsa ganizo limeneli potsata mbiri. Ikusonyeza kuti mafupa a nthanozi, omwe ndi nzeru zotsekeredwa kuseri kwa chipata, chiyankhulo chodziwa owerengeka, ndi dipo lowawa limene wophunzira amapereka, ndiwonso mafupa a mbiri ya maphunziro ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Chichewa chili ndi mawu amodzi amene amanena bwino za dipo limeneli, ndiwo chizimba: chinthu chovuta kupeza, kawirikawiri chopweteka, chimene asing'anga amati popanda icho mankhwala sagwira.

Gwero la nthanozi ku Ulaya ndi ku America

Nkhani ya wophunzira amene nzeru zamupweteka ndi yakale ku Ulaya. Sewero la Christopher Marlowe lotchedwa Doctor Faustus, lomwe linasindikizidwa koyamba mu 1604, likunena za katswiri wa ku Wittenberg amene atakhuta maphunziro a zachipatala, zamalamulo ndi zaumulungu, anapangana ndi Satana kuti apatsidwe mphamvu kwa zaka 24 posinthana ndi mzimu wake. M'buku la Mary Shelley la mu 1818, Victor Frankenstein ndi wophunzira wa kusukulu yaukachenjede ya Ingolstadt amene analumikiza ziwalo zakufa n'kuzipatsa moyo, kenaka cholengedwacho chinapululutsa abale ake. M'nkhani ziwiri zonsezi choopsa chikutuluka m'chipinda chowerengera.

Maonekedwe amakono a nthanozi anakhazikika ndi buku la Donna Tartt lotchedwa The Secret History, la mu 1992. M'bukuli mnyamata wochokera kubanja losalemera akulowa m'kagulu ka ophunzira Chigiriki pakoleji ina ku Vermont, pansi pa mphunzitsi mmodzi amene amasankha yekha omuphunzira, ndipo kaguluko kakupha munthu pa mwambo wausiku, kenaka n'kuphanso mnzawo kuti chinsinsi chisaululike. Pakati pa 1997 ndi 2007, mabuku a Harry Potter anazoloweretsa ana a dziko lonse kuona sukulu ngati malo a matsenga. Anawo atakula anafuna nkhani zowawa kuposa pamenepo, ndipo alembi anawapatsa: The Magicians ya Lev Grossman mu 2009, Ninth House ya Leigh Bardugo mu 2019, yomwe ikunena za magulu achinsinsi a ku Yale ochita zamizimu, ndi mabuku awiri a R.F. Kuang, Babel mu 2022 ndi Katabasis mu 2025. M'buku lachiwirili ophunzira awiri a ku Cambridge akutsikira kumalo a akufa kukafuna mphunzitsi wawo, chifukwa tsogolo lawo pamaphunziro lili m'manja mwake.

Mabukuwa ndi osiyana, koma nsichi zake ndi zinayi. Yoyamba ndi chipata: mwininkhani amakhala mlendo, wosauka kapena wamtundu wonyozedwa, amene waloledwa kulowa mwamwayi. Yachiwiri ndi chiyankhulo chobisika, monga Chilatini, Chigiriki kapena mawu a matsenga, chimene chimasiyanitsa olowa ndi otsala kunja. Yachitatu ndi mphunzitsi amene ali kholo ndi mdani nthawi imodzi. Yachinayi ndi chizimba: wina amafa, amapenga, kapena amaiwala kwawo, ndipo sukulu imabisa nkhaniyo kuti mbiri yake isade.

Sukulu ziwiri m'mudzi umodzi

Amishoni asanafike, Achewa anali kale ndi maphunziro a kuseri kwa chipata. Mnyamata amalowa kudambwe, malo opatulika amene nthawi zambiri amakhala kufupi ndi manda, ndipo mtsikana amalangizidwa kutsimba ndi anamkungwi. Wolowa amakhala ndi phungu womuyang'anira, amaphunzira mawu okuluwika amene wosameta sangawamve, ndipo amatuluka ali munthu wina pamaso pa mudzi. Gule Wamkulu ndi chipembedzo ndiponso sukulu ya makhalidwe, ndipo bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Kumutchula m'nkhani ino sikukutanthauza kuti ndi matsenga a m'nthano. Cholinga n'kusonyeza kuti Mchewa anadziwa kalekale kuti nzeru zina zili ndi khomo, zili ndi chiyankhulo chake, ndipo sizitoledwa mwaulere.

Sukulu ya mishoni itafika, inafika ndi kapangidwe kofanana. Inali ndi khomo lake, lomwe ndi kalasi ya ubatizo. Inapatsa wolowa dzina latsopano. Inali ndi chiyankhulo chake chapamwamba, Chingerezi, ndipo m'maseminale a Katolika munali Chilatini. Ian Linden, m'buku lake la mu 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa mu ulamuliro wa atsamunda, komanso Matthew Schoffeleers, anafotokoza mkangano waukulu umene unalipo m'zaka za m'ma 1920 m'chigawo chapakati, pamene nyau ndi amishoni ankalimbirana anyamata. Mbali iliyonse inkaona inzake ngati sukulu ya mdima yobera anthu ana. Mwana amene anali pakati anayenera kusankha, ndipo kusankha kulikonse kunali ndi dipo: kutaya ulemu wa pamudzi kapena kutaya mwayi wa ntchito yaukalaliki.

Zolembedwa zoyamba za Chichewa zinabadwira mkati mwa mkangano umenewu. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo mu 1933, mbiri yopeka ya munthu amene akukula m'miyambo ya makolo, akupita kuntchito kunja, ndipo potsiriza akutembenuka mtima. Popeza makina osindikizira anali m'manja mwa amishoni, sukulu ya mkalasi inalembedwa ngati kuwala, ndipo mdima wonse unakankhiridwa kumudzi. Chizolowezi chimenechi chinakhalitsa m'mabuku a Chichewa.

Njira ya ku Bulawayo

Njanji yochokera kumwera inafika ku Bulawayo mu 1897, ndipo mzindawu unasanduka likulu la njanji ndi mafakitale. Anthu a ku Nyasaland anafika kuno ena wapansi, ena pa magalimoto a ulere, enanso kudzera ku Mthandizi. Amene sanabwererenso kwawo anatchedwa matchona. Anabwera ndi Buku Lopatulika la Chinyanja la mu 1922, mipingo yawo, mabungwe othandizana pamaliro, ndiponso Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure. Motero sukulu ziwiri zija zinaolokera limodzi mtsinje wa Zambezi.

Ambiri mwa apaulendowa anali ophunzira amene dziko lawo linalibe nawo ntchito. Robert Laws anatsegula Overtoun Institution ku Khondowe mu 1894, ndipo ankalota kuti idzakula n'kukhala sukulu yaukachenjede, koma malotowo sanatheke m'masiku ake. Clements Kadalie, yemwe anamaliza maphunziro kumeneko, anagwirapo ntchito ku Southern Rhodesia, kuphatikizapo ku Bulawayo, asanakayambitse bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Mu 1927 munthu wina wa ku Nyasaland, Robert Sambo, anayamba kumema apantchito a ku Bulawayo m'dzina la bungwe lomweli, ndipo boma linamupirikitsa m'dzikomo. Kwa atsamunda, Mnyasa wodziwa kuwerenga anali wofunika muofesi koma woopsa akayamba kulemba zake.

Wina amene anadutsa njira yomweyi ndi Hastings Kamuzu Banda. Mbiri ya moyo wake imati cha mu 1915 anatulutsidwa m'chipinda cha mayeso chifukwa anaimirira kuti aone bwino bolodi ndipo woyang'anira anaganiza kuti akubera. Anachoka ku Kasungu n'kukagwira ntchito pachipatala ku Hartley, komwe lero ndi ku Chegutu, asanapitirire ku Joni ndi ku America. Ali kusukulu yaukachenjede ya Chicago, anakhala munthu amene katswiri wa ziyankhulo, Mark Hanna Watkins, ankamufunsa mawu ndi ziganizo za Chichewa. Zotsatira zake ndi buku la A Grammar of Chichewa la mu 1937.

Wowerenga Babel amaizindikira nkhani imeneyi msanga. M'bukuli, lomwe likuchitikira ku Oxford m'zaka za m'ma 1830, mphamvu ya ufumu wa Britain ikuchokera ku timipiringidzo ta siliva tolembedwa mawu awiri a ziyankhulo ziwiri, ndipo tsenga limabadwa kuchokera pa tanthauzo limene limatayika pomasulira. Kuti tsengalo ligwire pafunika munthu amene chiyankhulocho anayamwira, n'chifukwa chake sukuluyo imatenga ana a ku China, ku India ndi ku Haiti, n'kuwaveka mikanjo yaulemu kwinaku ikuwakama ziyankhulo zawo. Watkins, yemwe anali munthu wakuda wa ku America, sanali wolanda, ndipo anamuthokoza Banda m'buku lake. Komabe ubale wa sukulu yaukachenjede ndi mwini chiyankhulo ndi womwewo: wina amapereka mawu, wina amalemba dzina pachikuto. Chodabwitsa n'chakuti wopereka mawu uja anabwerera kwawo ngati mwini ndi woweruza wa chiyankhulocho. Mu 1968 chipani chake chinalamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, ndipo mu 1972 anakhazikitsa bungwe la Chichewa Board loyang'anira kalembedwe ndi kayankhulidwe kake.

Mantha m'sukulu zaukachenjede

Sukulu yaukachenjede yoyamba ya maiko atatu a chitaganya, University College of Rhodesia and Nyasaland, inalandira chilolezo cha mfumukazi mu 1955 ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1957 ku Mount Pleasant mumzinda wa Salisbury ndi ophunzira 68. M'kalasi mitundu inkasakanikirana, koma nyumba zogona poyamba zinali zosankhana khungu. Patangopita zaka ziwiri, mu Malichi 1959, boma la Nyasaland linalengeza za ngozi m'dziko. Banda anakatsekeredwa ku Gwelo, ndipo ambiri mwa anthu ophunzira kwambiri a chipani cha Nyasaland African Congress anakatsekeredwa kundende ya Khami, kunja kwa Bulawayo, mbali yomweyo ya kumadzulo kumene kuli Magwegwe. Kwa m'badwo woyamba wa Amalawi a madigiri, msewu wochoka kukoleji unadzera kundende.

Ku Zimbabwe, munthu amene moyo wake ukufanana kwambiri ndi wa mwininkhani wa nthano zimenezi ndi Dambudzo Marechera. Anabadwira mu umphawi ku Rusape mu 1952, anachotsedwa ku University of Rhodesia mu 1973 pamodzi ndi anzake chifukwa cha zionetsero zotsutsa tsankho, analandira mwayi wokaphunzira ku New College ku Oxford, ndipo kumenekonso anachotsedwa mu 1976. Buku lake la The House of Hunger la mu 1978, lomwe linapata mphoto ya Guardian mu 1979, ladzaza ndi maloto oopsa, mawu osaoneka eni ake, ndi wophunzira amene Chishona ndi Chingerezi zikumenyana m'mutu mwake. Anamwalira ku Harare mu Ogasiti 1987 ali ndi zaka 35.

Patangotha mwezi umodzi, pa 25 Sepitembala 1987, apolisi anagwira Jack Mapanje ku Zomba. Mapanje anali katswiri wa sayansi ya ziyankhulo ndiponso mkulu wa nthambi ya Chingerezi ku Chancellor College, ndipo anakhala kundende ya Mikuyu mpaka mu Meyi 1991 osazengedwa mlandu. Iye anali mmodzi mwa oyambitsa gulu la alembi la Writers Group mu 1970, koleji ikadali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba mu 1973. Chifukwa cha lamulo la mu 1968 lopatsa boma mphamvu zoletsa mabuku, ndiponso chifukwa cha akazitape amene ankakhala m'makalasi momwemo, alembi a gululi anaphunzira kuyankhula mokuluwika. Anatenga nthano za makolo n'kuzisandutsa chiyankhulo chachinsinsi: Mapanje anagwiritsa ntchito bilimankhwe m'ndakatulo za Of Chameleons and Gods za mu 1981, ndipo Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, komanso nkhani ya Mbona m'sewero la The Rainmaker la mu 1978. Apa zinthu zonse zinayi zija zinakwanira m'moyo weniweni: kagulu kosankhika, mawu omva okhawo olowa, mwini sukulu amene anali kholo ndi mdani, ndi anthu osowa usiku. Mphunzitsi wina wa pakolejipo, mlakatuli Felix Mnthali, anali atatsekeredwapo kale mu 1976.

M'chaka chomwe ndakatulo za Mapanje zinatuluka, 1981, Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, pafupi ndi mtengo wa kachere umene amati anayambira kuphunzirapo. Ana anzeru osankhidwa m'maboma onse ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki mokakamizidwa, pansi pa aphunzitsi achizungu, m'nyumba zokongola zomangidwa pakati pa midzi ya alimi a fodya. Zaka 11 buku la Donna Tartt lisanatuluke, Malawi anali atamanga kale ndi njerwa zenizeni malo amene nthano zotere zimalota.

Ulamuliro wa zipani zambiri sunathetse mantha onse. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi anaitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa ndale ku Chancellor College, kukamufunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo aphunzitsi ananyanyala ntchito kwa miyezi yambiri pofuna ufulu wophunzitsa mopanda akazitape. Pa 24 Sepitembala chaka chomwecho, Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic mumzinda wa Blantyre, anapezeka atafa pasukulupo. Apolisi anati anadzipha, koma bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 2012 linapeza kuti anachita kuphedwa. Mtembo wa pabwalo la sukulu, umene alembi a ku America amaupeka kuti nkhani ikome, kuno uli ndi dzina ndi makolo.

Chimene chimakoka owerenga atsopano

Mbiri imeneyi ikuthandiza kumvetsa chifukwa chimene nthano zotere zimagwira mtima wa wachinyamata amene sanazolowere kuwerenga mabuku aatali. Choyamba, malo ochitikira nkhani ndi odziwika kale. Aliyense amene anakhalapo m'kalasi amadziwa mantha a mayeso, nkhanza za akuluakulu a pasukulu, ndi manyazi a wosalipira fizi. Wowerenga watsopano safunika kuphunzira mayina a maufumu opeka asanayambe kusangalala; amalowa pakhomo limodzi ndi mwininkhani, ndipo zachilendo amaziphunzira naye limodzi.

Chachiwiri, chipata cha m'nthano chili ndi chinzake m'mapu a Bulawayo. Atsamunda anaika anthu akuda kumadzulo kwa mzinda ndipo azungu anakhala kummawa. National University of Science and Technology, yomwe inakhazikitsidwa mu 1991, ili kummawa, m'mbali mwa msewu wopita ku Gwanda. Wophunzira wochokera ku Magwegwe amadutsa mzinda wonse kuti akafike m'kalasi, ndipo madzulo amabwerera kwa anthu amene amamuyang'ana ngati chiyembekezo cha banja lonse. Kwa mdzukulu wa matchona panalinso chipata china, cha zitupa. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunachititsa kuti ambiri obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera kunja aziwerengedwa ngati alendo, ndipo vutoli linayamba kuchepa ndi malamulo aakulu a dziko a mu 2013. Munthu amene anakulira m'nyumba mmene chitupa cha agogo chinalembedwa kuti mlendo safuna womumasulira nkhani ya wophunzira amene waloledwa kulowa koma sanalandiridwe.

Chachitatu, nthanozi zimanena poyera chimene makolo ndi aphunzitsi sakonda kuvomereza, chakuti maphunziro ali ndi chizimba. Mabuku akale a ulendo wofuna sukulu, monga I Will Try la Legson Kayira la mu 1965, ankatsindika za kupirira ndi mphoto yake. Tsitsi Dangarembga mu Nervous Conditions, buku la mu 1988, anayamba kuwerengetsa zotayika: mnyamata wobwera kusukulu ya mishoni akunamizira kuti waiwala Chishona, ndipo mtsikana wophunzira ku England akudwala chifukwa chosowa poima. Nthano zamatsenga zimangotenga kutayika komweku n'kukupatsa thupi, kuti kuoneke ngati mzukwa kapena pangano losainidwa ndi magazi.

Mlembi wa ku Zimbabwe amene wasonyeza bwino zimenezi ndi Tendai Huchu, wobadwira ku Bindura mu 1982, yemwe polemba nthano zamatsenga amadzitcha T.L. Huchu. M'buku la The Library of the Dead la mu 2021, lomwe linapata mphoto ya Nommo mu 2022, Ropa Moyo ndi mtsikana amene anasiya sukulu kuti adyetse agogo ake ndi mng'ono wake mumzinda wa Edinburgh. Ntchito yake ndi kunyamula mauthenga a akufa kupita kwa amoyo, ndipo amaimba mbira kuti mizimu iyankhule momveka. Atalowa mozemba m'laibulale yachinsinsi ya akatswiri a matsenga, akupeza kuti nzeru za agogo ake zimanyozedwa ndi eni madigiri ngakhale kuti zimagwira ntchito. Ropa ndi mdzukulu wa obwera, ndipo mphamvu yake ili m'chinthu chimene sukulu sinachiwerengere. Bulawayo nayenso ali ndi mlembi wake pankhani yoyandikana ndi imeneyi: Novuyo Rosa Tshuma, m'buku la Digging Stars la mu 2023, akutsata mtsikana amene akulondola mapazi a bambo ake, katswiri wa za nyenyezi, kusukulu yapamwamba ya ku America.

Njira yofikira mabukuwa nayo yasintha. Kugwa kwa chuma kumene kunafika pachimake mu 2008 kunafooketsa malonda a mabuku m'Zimbabwe, ndipo kutsekedwa kwa sukulu mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19 kunakankhira ana ambiri kuwerengera pafoni. Alembi ena a Chishona ndi Chindebele amatulutsa nthano zawo chigawochigawo pa WhatsApp, ndipo owerenga amalipira kuti aone mathero. Izi zikusonyeza kuti achinyamata amawerenga m'ziyankhulo za makolo ngati nkhaniyo ikuwasowetsa tulo.

Mpata umene ulipo m'Chichewa

Zolembedwa za Chichewa sizisowa zamalodza. Mu Sikusinja ndi Gwenembe, buku la John Gwengwe, mbalame ikuulula imfa ya munthu amene mbale wake anamupha pobwera kuntchito, ndipo nkhaniyi ndi ya matchona ndithu. Chiyankhulochi chili ndi mawu okwanira kumanga nawo nthano yoopsa popanda kubwereka: chizimba, ndondocha, kukhwima, chidangwaleza, nsupa, ula, malodza. Koma mabuku otchuka a Chichewa, monga a Willie Zingani ndi a Jolly Max Ntaba, anafika kwa owerenga ambiri kudzera m'kalasi ndi m'mayeso, ndipo nkhani zake zimachitikira kwambiri kumudzi ndi m'tauni. Amalawi amene ayesa nthano zamakono za zinthu zosaoneka ndi zam'tsogolo, monga Shadreck Chikoti mu Azotus the Kingdom ya mu 2015, atchuka nazo m'Chingerezi. Mbiri ya Zomba, Mikuyu, Mtunthama ndi Khami yafotokozedwa kwambiri m'Chingerezinso, pamene anthu amene anaivutikira ankalira m'ziyankhulo zawo.

Mlembi wofuna kulowa mumpata umenewu ayenera kusamala pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi chakuti nkhani za ufiti kuno zimapha anthu. Lamulo la mu 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti ku Malawi, komabe mphekesera zoti nkhalamba zikuphunzitsa ana ufiti zathamangitsa anthu ambiri m'midzi mwawo, ndipo mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno atawaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Nthano imene ikuika mdima mwa gogo wosauka ikuthira mafuta pamoto. Ubwino wa nthano za m'sukulu zaukachenjede ndi wakuti zimalozetsa chala kumwamba: mfiti yake imavala mkanjo wa ulemu, imakhala m'komiti, ndipo imadya ana a anthu osauka mogwiritsa ntchito malamulo. Chachiwiri ndi chakuti zakudambwe zili ndi eni ake. Mlembi waluso atha kumanga sukulu yakeyake yopeka, ya malamulo ake ndi mawu ake, popanda kuulula zimene analumbira kusunga kapena kunyoza zimene sanalowe.

Ndime 6 ya malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 imatchula ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndicho choyamba pamndandandawo potsata zilembo. Ulemu umenewu ndi waukulu kwa anthu amene kwa zaka zambiri ankabisa chiyankhulo chawo poopa kusekedwa. Komabe lamulo silingakakamize mwana kukonda kuwerenga. Agogo amene anafika ku Bulawayo ndi Chichewa cha ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Kasungu akutha mmodzimmodzi, ndipo buku lokhalo la Chichewa limene likupezeka m'nyumba zambiri ndi Baibulo ndi la nyimbo. Ngati aphunzitsi a ziyankhulo ku Zomba, ku Lusaka, ku Harare ndi ku Bulawayo akufuna kuti zidzukulu za matchona zidzawerenge Chichewa mwa kufuna kwawo, ayenera kulimbikitsa ophunzira awo kulemba nthano zimene mwana wa ku Magwegwe angakane kuzisiya pakati. Zipangizo zake zilipo kale m'mbiri ya sukulu zimene aphunzitsiwo akugwiramo ntchito.